Barbaro: kavalo amene anthu adamudwazika miyezi isanu ndi itatu

Aliyense amene adagonekedwapo pachipatala cha boma cha Chiradzulu, kapena pachipatala china chilichonse m'dziko muno, amadziwa kuti matenda sakhala a munthu mmodzi. Pambali pa wodwala pamakhala womudwazika, amene amagona pansi, kulawirira kukaphika phala ndi kutchera khutu pamene adokotala akuyendera odwala. Kumudzi nako abale amadikira foni kuti amve mmene kwachera, ndipo Lamulungu likakwana amabwera kudzazonda atanyamula kachakudya.

M'chaka cha 2006 anthu masauzande ambiri a ku America ndi a m'maiko ena adachita zonga zomwezi, koma wodwala wawo adali kavalo wothamanga pamipikisano, dzina lake Barbaro. Kavaloyu adathyoka mwendo pa 20 Meyi 2006 ndipo adakhala m'chipatala cha ziweto masiku 254. Masiku onsewo anthu amene ambiri a iwo sadamuonepo ndi maso ankadzuka n'kufunsa ngati wadya, ngati wagona bwino ndiponso ngati wayenda. Nkhani yake imafotokoza zinthu ziwiri zimene zimadabwitsa ambiri: chifukwa chimene kuthyoka mwendo kumaphera kavalo pamene munthu amachira m'masabata ochepa, ndi zimene khamu la anthu odwazika patali lingathe kuchita ndi zimene silingathe.

Kavalo wosagonja

Kuno kwathu akavalo ndi osowa. Matenda ofalitsidwa ndi ntchentche za kashembe ndi tizilombo tina toluma akhala akulepheretsa ulimi wa ziwetozi m'madera ambiri a mu Africa, ndipo Amalawi ambiri adaonapo kavalo paphiri la Zomba kapena pakanema basi. Amene adakhalako ku Zimbabwe amadziwa bwalo la Borrowdale Park ku Harare, ndipo a ku South Africa amadziwa mpikisano wa Durban July. Ku America mipikisano yotere ndi bizinesi yaikulu, ndipo kavalo wopambana amatchuka monga amatchukira katswiri wa mpira.

Barbaro adabadwa pa 29 Epulo 2003. Adali wa mtundu wa Thoroughbred, akavalo amene amawetedwa chifukwa cha liwiro lawo. Eni ake adali Roy ndi Gretchen Jackson, banja la m'chigawo cha Pennsylvania. Mphunzitsi wake adali Michael Matz, ndipo womukwera pamipikisano ikuluikulu adali Edgar Prado, mbadwa ya ku Peru.

Akavalo a zaka zitatu ku America ali ndi mipikisano itatu yotchuka imene imachitika m'masabata asanu okha: Kentucky Derby, Preakness Stakes ndi Belmont Stakes. Wopambana yonse itatu amalandira ulemu wotchedwa Triple Crown. Pofika 2006 padali patatha zaka 28 kuchokera pamene kavalo wina dzina lake Affirmed adachita zimenezi mu 1978, ndipo okonda masewerawa adali atatopa ndi kudikira.

Pa 6 Meyi 2006 Barbaro adapambana Kentucky Derby pabwalo la Churchill Downs mumzinda wa Louisville. Pamtunda wa makilomita awiri, adasiya mnzake wachiwiri ndi mpata wokwana akavalo asanu ndi mmodzi ndi theka atandondozana, mpata umene udali usadaonekenso pampikisanowu chiyambire 1946. Uku kudali kupambana kwake kwachisanu ndi chimodzi, ndipo adali asadagonjepo. Ambiri adayamba kukhulupirira kuti amene ankamudikira uja wafika.

Patatha masabata awiri, anthu oposa 118,000 adasonkhana pabwalo la Pimlico mumzinda wa Baltimore kudzaonera Preakness Stakes, ndipo mamiliyoni ena ankaonera pakanema. Mpikisano usadayambe Barbaro adakankha chitseko cha malo oyambira n'kutuluka yekha. Adamubweza, dokotala wa ziweto n'kuona kuti ali bwino, ndipo mpikisano udayamba. Sipadapite nthawi, mwendo wake wakumbuyo wa kumanja udathyoka ali paliwiro. Prado adamuimitsa msanga, n'kutsika, n'kumuchirikiza ndi thupi lake kuti asapondere mwendowo mpaka thandizo litafika. Mpikisano udapitirira ndipo adapambana ndi kavalo wotchedwa Bernardini, koma maso a anthu adali pa kavalo woima ndi miyendo itatu uja.

Chifukwa chake kuthyoka mwendo kumapha kavalo

Munthu akathyoka mwendo amamuika chikhakha, n'kumuuza kuti agone kapena ayendere ndodo mpaka fupa litagwirana. Kavalo sangauzidwe zimenezi, ndipo thupi lake silimulola.

Choyamba ndi kulemera. Kavalo wa mtundu wa Barbaro amalemera makilogalamu pafupifupi 500, ndipo kulemera konseku kumakhala pamiyendo inayi yowonda. Kumunsi kwa bondo kulibe minofu yochirikiza fupa; kuli fupa, mitsempha ndi khungu. Fupa likathyoka nyama ikuthamanga makilomita oposa 50 paola, kawirikawiri limaphwanyika m'tizidutswa, ndipo likaboola khungu tizilombo timalowa mosavuta pamalo amene magazi safikapo ambiri.

Chachiwiri, kavalo sangagone pansi nthawi yaitali. Akatero mapapo ake amapanikizika, matumbo amasiya kuyenda bwino, minofu imawonongeka ndipo pakhungu pamabuka zilonda. Ayenera kuimirira tsiku lomwelo la opaleshoni, ndipo mwendo wothyokawo uyenera kuyamba kusenza gawo la thupi nthawi yomweyo.

Chachitatu ndi chibadwa chake. Kavalo ndi nyama imene imapulumuka pothawa, choncho akamatsitsimuka kumankhwala ogonetsa amaphiriphitha ndi kuponya miyendo pofuna kudzuka. Mu 1975 kavalo wamkazi wotchuka dzina lake Ruffian adathyoka mwendo pabwalo la Belmont Park ku New York. Madokotala adamuchita opaleshoni usiku, koma potsitsimuka adaphiriphitha mpaka adawononga ntchito yonse ndi kudzivulaza malo ena, ndipo adayenera kuphedwa. Pa zifukwa zimenezi akavalo ambiri ovulala ngati Barbaro amabayidwa jakisoni wa imfa pabwalo pomwepo.

A Jackson adasankha kuyesa. Mwayi umodzi umene udalipo udali woti khungu silidabooke. Madzulo omwewo galimoto yonyamula akavalo odwala, moperekezedwa ndi apolisi, idapita naye ku New Bolton Center, chipatala cha ziweto zikuluzikulu cha yunivesite ya Pennsylvania chimene chili pafupi ndi tauni ya Kennett Square.

M'mawa mwake, pa 21 Meyi, dokotala wamkulu wa maopaleshoni Dean Richardson ndi anzake adagwira ntchito maola oposa asanu. Mafupa atatu adali atathyoka, limodzi la iwo litaphwanyika m'zidutswa zoposa 20, ndipo mfundo ya pamwamba pa chiboda idali itaguluka. Adalumikiza zonsezi ndi chitsulo chachitali ndi masikuluwu 27. Cholinga chidali choti mafupawo agwirane n'kukhala ngati mtengo umodzi wosapindika, umene sungathamangenso koma ungathe kuyenda.

Pofuna kupewa zomwe zidachitikira Ruffian, chipatalachi chili ndi dziwe la madzi ofunda. Kavalo akadali mtulo amamunyamula ndi malamba n'kumuika m'chibwato cha mphira chokhala ndi matumba anayi olowetsamo miyendo. Akayamba kuphiriphitha amangomenya madzi, osavulala, ndipo akatsitsimukiratu amamukweza n'kukamuimika m'khola lake. Barbaro adadutsa bwino pamenepa. Komabe Richardson adauza atolankhani mosabisa kuti mwayi wa moyo ndi wa imfa udali wofanana, ndipo adatchula mdani amene ankamuopa kwambiri: matenda a ziboda otchedwa laminitis.

Odwazika a patali

Kutacha, mpanda wa chipatala udayamba kudzaza ndi mapepala ndi nsalu zolembedwa mawu omufunira zabwino. Kudabwera maluwa, makalata, zithunzi zojambulidwa ndi ana a sukulu, mendulo za oyera mtima ndi mabasiketi a karoti ndi maapozi ochuluka moti ankagawirako akavalo ena odwala. Ena ankatumizira chakudya madokotala ndi anamwino amene ankachezera usiku. Gretchen Jackson ankabwera ndi msipu wobiriwira wochokera kufamu yake, monga amachitira wodwazika wodziwa chakudya chimene wodwala wake amakonda. Prado nayenso adapita kukazonda, ndipo bwanamkubwa wa Pennsylvania wa nthawiyo, Ed Rendell, adafikako.

Chimene chidasandutsa chifundo cha masiku ochepa kukhala ntchito ya miyezi isanu ndi itatu ndi nkhani za tsiku ndi tsiku. Pa nthawiyo Facebook idali isadafale ndipo WhatsApp kudalibe. Yunivesite ya Pennsylvania inkatulutsa malipoti a dokotala patsamba lake la pa intaneti ndipo idatsegula malo olembapo mauthenga. Koma ambiri ankathamangira kwa Alex Brown, Mngelezi amene ankagwira ntchito yothamangitsa akavalo m'mawa pamalo ophunzitsira a Fair Hill m'chigawo cha Maryland, kumene Barbaro ankakhala asadavulale. Poti ankakumana ndi Matz ndi antchito ake pafupifupi tsiku lililonse, Brown ankamva msanga mmene kavaloyo wagonera ndipo ankalemba patsamba la mphunzitsi wina wa akavalo, Tim Woolley. Nthawi zambiri uthenga wake udali waufupi, wongonena kuti usiku wadutsa bwino. Anthu ankaudikira asadapite kuntchito.

Owerengawo adayamba kudziwana ndi kuyankhulana, ndipo adadzitcha Fans of Barbaro, kutanthauza okonda Barbaro. Padali anamwino, aphunzitsi, opuma pantchito ndi anthu ena amene iwo eni adali kudwala matenda aakulu ndipo ankati kulimba kwa kavaloyo kumawapatsa mphamvu. Ambiri adali asadabetchepo pampikisano wa akavalo. M'kupita kwa masabata adaphunzira maina a mafupa a mwendo wa kavalo, tanthauzo la kutentha thupi pambuyo pa opaleshoni ndi chifukwa chimene chikhakha chimasinthidwira. Wodwazika aliyense wokhalitsa m'chipatala amafika podziwa maina a mankhwala ndi nthawi yake, ndipo anthuwa adafikanso pamenepo.

Kulankhula mosabisa kwa Richardson kudathandiza. Zinthu zikaipa ankanena kuti zaipa, ndipo sankalonjeza zimene sakadatha. Anthu adamukhulupirira chifukwa cha zimenezi, ndipo adakhalabe naye ngakhale pamene uthenga udali wowawa.

Mwendo wabwino udadwala

Masabata asanu ndi limodzi oyamba adayenda bwino. Kumayambiriro kwa Julayi kavaloyo adayamba kutentha thupi, mwendo wovulala udalowa tizilombo, ndipo pa 8 Julayi madokotala adachotsa chitsulo ndi masikuluwu ambiri n'kuika zina. Ululu udamuchititsa kutsamira kwambiri mwendo wakumbuyo wa kumanzere, umene udalibe vuto. Pa 13 Julayi Richardson adalengeza kuti mwendo umenewo wagwidwa laminitis yoopsa.

Kuti matendawa amveke, m'pofunika kudziwa mmene chiboda chidapangidwira. Kavalo amayenda ndi chala chimodzi pamwendo uliwonse, ndipo chiboda ndicho chikhadabo cha chalacho. Fupa lomaliza la mwendo lili mkati mwa chiboda, ndipo limagwiridwa ndi timinofu topyapyala mazanamazana tolowerana ndi khoma la chiboda, monga zimalowerana zala za manja awiri munthu akazipinga. Thupi lonse la kavalo limalendewera pa timinofu timeneti. Magazi amayenda bwino m'menemo kavalo akamasinthasintha miyendo, kuponda ndi kunyamula. Akaima ndi mwendo umodzi usana ndi usiku osaupumitsa, magazi amachepa, timinofu tija timafooka n'kuyamba kung'ambika, ndipo fupa limapendekeka kapena kutsika mkati mwa chiboda. Ululu wake ungayerekezedwe ndi wa munthu amene chikhadabo chikuzuka koma akukakamizidwa kuimirira ndi chala chomwecho.

Laminitis imabweranso m'njira zina, monga nyama ikadya chimanga kapena msipu wanthete wambiri nthawi imodzi, ikanenepa kwambiri, kapena ikadwala matenda aakulu a m'matumbo kaya a m'chiberekero. Ndi matenda omwewa amene adapha Secretariat, mmodzi mwa akavalo otchuka kwambiri m'mbiri ya America, mu 1989.

Madokotala adachotsa magawo 80 pa 100 alionse a khoma la chiboda cha Barbaro. Chiboda chimamera pang'onopang'ono, pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndipo kuti chatsopano chifike pansi pamatenga miyezi yambiri, mwina chaka. Tsopano kavaloyo adali ndi miyendo iwiri yakumbuyo yodwala. Ankakhala maola angapo patsiku atamukoleka m'malamba kuti miyendo ipume, ndipo ankalandira mankhwala amphamvu oletsa ululu. Eni ake ndi dokotala adagwirizana mfundo imodzi: apitiriza pokhapokha kavaloyo akudya, akuonetsa chidwi ndi zomuzungulira ndiponso ululu ukutheka kuuletsa.

Kavaloyo adadabwitsa ambiri. Mu Ogasiti Richardson adayamba kumutulutsa panja kwa mphindi zochepa kukadya msipu, ndipo zithunzi zake zidafalitsidwa m'nyuzipepala ndi pakanema. Pa 6 Novembala chikhakha cha mwendo wothyoka uja chidachotsedwa, mafupa atagwirana. Pofika Disembala kudamveka zoti mwina atuluka m'chipatala n'kukapitiriza kuchira kufamu. Odwazika a patali aja adatumiza mphatso za Khirisimasi ali ndi chiyembekezo.

Mafunso amene ena adafunsa

Si onse amene adakondwera ndi zimenezi. Olemba nkhani ena ankaseka anthu olembera makalata nyama yosadziwa kuwerenga, ndipo ankafunsa chifukwa chimene dziko limene asilikali ake ankafa ku Iraq, ndiponso limene anthu mamiliyoni ambiri adalibe inshuwalansi ya chipatala, lingalirire kavalo. Mmalawi amene adafolapo pamzere wa mankhwala kuyambira m'bandakucha angafunse funso lomweli, ndipo silopanda nzeru. Oyankha ankati chifundo sichitha ngati ufa m'thumba, ndipo munthu wochitira chisoni nyama saleka kuchitira chisoni anthu. Ena ankati anthu adakopeka chifukwa chaka chimenecho masewera ena, monga mpikisano wa njinga wa Tour de France, adadetsedwa ndi nkhani za mankhwala oonjezera mphamvu, pamene kavalo sadziwa ndalama kapena bodza.

Funso lachiwiri lidali la phindu. Kavalo wamphongo wopambana Kentucky Derby amabweretsa madola mamiliyoni ambiri akamabereketsa akavalo aakazi, choncho ena ankati eni ake akungoteteza chuma. Koma malamulo a mtundu wa Thoroughbred salola kubereketsa ndi umuna wotengedwa ndi kusungidwa, monga amachitira alangizi ndi ng'ombe zamkaka kuno kwathu. Wamphongo ayenera kukwera yekha, kulemera kwake konse kuli pamiyendo yakumbuyo, ndipo padalibe chitsimikizo choti Barbaro adzatha kutero. Richardson adanena kuti a Jackson akadayesa kumupulumutsa ngakhale akadakhala wofulidwa.

Funso lachitatu ndi limene limavutitsa madokotala a ziweto kulikonse: kodi kuchiza kumathera pati ndipo kuzunza kumayambira pati? Nyama singanene kuti yatopa. Dokotala amayang'ana maso ake, kadyedwe kake ndi kugunda kwa mtima wake. Khamu la anthu oyembekezera uthenga wabwino likhoza kukhala mtolo pa iye, chifukwa tsiku loti aleke likafika ayenera kusankha mokomera nyamayo, ngakhale anthu masauzande akhumudwe.

Tsikulo lidafika mu Januwale 2007. Chiboda cha kumanzere sichinkamera bwino mbali imodzi ndipo madokotala adachotsanso gawo lina. Kavaloyo adabwezera kulemera kumwendo wa kumanja, ndipo chiboda cha kumeneko chidachita chotupa cha mafinya. Pa 27 Januwale adamuika zitsulo zodutsa m'fupa kuti chibodacho chisaponde pansi, koma zitatero miyendo yakutsogolo, imene tsopano inkasenza zonse, idagwidwanso laminitis. Padalibenso mwendo woti aimire. M'mawa wa pa 29 Januwale 2007, eni ake ali pomwepo, Barbaro adabayidwa jakisoni wa imfa. Richardson adalephera kugwira misozi polankhula ndi atolankhani tsiku lomwelo. Fupa limene aliyense ankaliopa lidali litapola. Chimene chidamupha ndi kulemedwa kwa miyendo imene poyamba idali yabwino.

Zimene zidatsala

Karoti, makalata ndi mapemphero sizidachiritse chiboda, koma gulu lija silidabalalike maliro atatha. Kavaloyo akadali moyo, mphatso za anthu zidakhazikitsa thumba lotchedwa Barbaro Fund, limene lidasonkhanitsa madola oposa 1 miliyoni othandizira chipatala cha New Bolton Center ndi ziweto zonse zogonekedwa kumeneko. Atamwalira, a Jackson adapereka madola 3 miliyoni kuyunivesite ya Pennsylvania kuti pakhale udindo wa pulofesa wofufuza matenda a akavalo, wotchulidwa dzina la Richardson. Bungwe la National Thoroughbred Racing Association nalonso lidatsegula thumba lothandiza kafukufuku wa laminitis.

A Fans of Barbaro adatembenukira kwa akavalo opanda mbiri. Kavalo akakalamba kapena akaleka kupambana, ambiri ankagulitsidwa pamsika n'kukaphedwa kuti nyama yake itumizidwe kunja. Gululi lidayamba kusonkherana kuti liziwagula ndi kuwapezera malo okhala, ndipo m'zaka zotsatira lidasonkha madola oposa 1 miliyoni n'kupulumutsa akavalo masauzande. Lidalimbikiranso kuimbira mafoni aphungu kuti aletse kupha akavalo kaamba ka nyama. Nyumba ya aphungu ya House of Representatives idavomereza bilu yotere mu Sepitembala 2006, koma nyumba ya Senate sidaivotere. Malo atatu omaliza ophera akavalo ku America, awiri ku Texas ndi amodzi ku Illinois, adatsekedwa mu 2007 potsatira malamulo a zigawozo, ngakhale kuti akavalo ena adapitiriza kutumizidwa ku Canada ndi ku Mexico.

Laminitis ilibe mankhwala otheratu mpaka lero, koma madokotala adziwa zambiri za kuipewa, monga kuviika miyendo ya kavalo wodwala m'madzi oundana matendawa asadayambe ndi kuchirikiza mwendo wabwino kuyambira tsiku loyamba. Akavalo ena apulumuka. Paynter, amene adadwala m'matumbo ndi m'ziboda mu 2012 anthu ambiri akumutsatira pa Twitter, adabwerera n'kupambana mpikisano mu 2013. Lady Eli adaponda msomali mu 2015 n'kugwidwa laminitis miyendo yonse yakutsogolo, koma adachira ndipo mu 2017 adasankhidwa kukhala katswiri wa akavalo aakazi othamanga pakapinga.

Phulusa la Barbaro lidakwiriridwa pabwalo la Churchill Downs, pansi pa chiboliboli chimene chidavundukulidwa mu Epulo 2009. Chimaonetsa kavaloyo ali paliwiro, Prado ali pamsana, miyendo yonse inayi ili m'malere. Adachiika kunja kwa chipata kuti aliyense afikepo popanda kulipira.

Ziboda za m'makola a kwathu

Nkhaniyi ingaoneke ya kutali, koma matenda ake ali pafupi. Abulu okoka ngolo m'chigawo chapakati ndi a banja limodzi ndi akavalo, ndipo amagwidwa laminitis mofanana. Ng'ombe zamkaka nazo zimadwala ziboda, ndipo boma la Chiradzulu, limodzi ndi Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, ndi kuchimake kwa ulimi wa mkaka m'chigawo chakummwera. Mabanja ambiri kumeneku ali ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri zodyetsera m'khola, ndipo mkaka umene amakagulitsa kugulu ndiwo umalipira fizi ndi kugula feteleza. Kwa banja lotere ng'ombe yotsimphina ndi vuto la pakhomo ponse.

Ng'ombe ili ndi mwayi umene kavalo alibe. Phazi lake lili ndi ziboda ziwiri, choncho chimodzi chikadwala dokotala angathe kumata kathabwa pansi pa chinzake kuti chodwalacho chisaponde pansi. Imathanso kugona maola ambiri patsiku popanda vuto, ndipo imafunikira kutero. Mavuto amayamba ikamaima nthawi yaitali pasimenti youma gwa chifukwa chosowa malo abwino ogona, ikamaponda ndowe ndi matope tsiku lonse, ikapatsidwa madeya ambiri mwadzidzidzi popanda udzu wokwanira, kapena ziboda zikakula osasengedwa. Ng'ombe yomva ululu imadya pang'ono, mkaka umatsika, ndipo siionetsa bwino zizindikiro zoti ikufuna nkhunzi, choncho imachedwa kutenga bere.

Malawi alibe dziwe lotsitsimutsira ziweto ngati la ku Pennsylvania, ndipo mlimi wa ku Chiradzulu sangalipire masikuluwu 27. Koma m'boma lomweli muli Mikolongwe, malo a boma odziwika kuyambira kale ndi ntchito za ziweto, amene dzina lawo lidafala dziko lonse kudzera mu nkhuku zakuda zija. Yunivesite ya LUANAR nayo tsopano imaphunzitsa madokotala a ziweto ku Bunda, maphunziro amene kale Amalawi ankakachitira kunja. Ndipo mwambo wodwazika ulipo kale m'magulu a alimi a mkaka, makamaka kumene ng'ombe zimapatsirana, chifukwa thole la ng'ombe ya mlimi mmodzi likudikiridwa ndi mnzake. Amati mutu umodzi susenza denga: mamembala akamasonkherana kandalama koitanira mlangizi wa ziweto msanga, amachita pamlingo wawo zomwe adachita okonda Barbaro.

Madokotala a ziweto amalangiza kuti nyama ikayamba kutsimphina isadikiridwe kuti ipola yokha. Ichotsedwe pamalo olimba ndi onyowa, iikidwe pouma ndi pofewa pomwe ingagone, ndipo mlangizi aitanidwe tsiku lomwelo kuti anyamule phazi n'kuona chimene chavuta. Masiku otsatira mwini wake aziyang'ana mwendo wopwetekawo, komanso azikhudza ziboda za miyendo itatu yotsalayo kuti amve ngati zayamba kutentha.